Umakaniko ku usilikali wa ku America: ulowe nthambi iti?

Anthu ambiri funso limeneli amaliyambira kumchira. Mnyamata kapena mtsikana woti manja ake anazolowera kale sipanala, woti akangomva kaliridwe ka injini amadziwiratu kuti apa pali vuto, akaganiza zolowa usilikali ku America amayamba ndi kufunsa kuti kodi ndilowe Army, Navy, Air Force, Marines kapena Coast Guard, nde amakhalira kuonera mavidiyo pa YouTube, kuyerekeza mayunifomu kuti yowoneka bwino ndi iti, mpaka mtima kugwera nthambi imodzi asanadziwe n'komwe kuti kumeneko akamupatsa chani choti azikonza. Chikomekome cha mkuyu chimenecho abale anga. Funso loyamba likhale loti kodi ine ndikufuna manja angawa azikhala mkati mwa makina anji kwa zaka 4 kapena 6 zikubwerazi, ndipo tsiku lomwe ndidzavule yunifomu ndidzakagogoda pa geti ya ndani kufuna ntchito. Mukayankha limenelo moona mtima nthambi zina zimangogwa zokha pa mndandanda.

Za ndalama tichotseretu panjira chifukwa sizisiyanitsa kanthu kwenikweni. Malipiro a pamwezi a msilikali wamba amachokera pa tebulo limodzi la boma, kuyambira pa udindo wa E-1 mpaka wa E-9, ndipo E-4 wa zaka 3 ku Navy amalandira chimodzimodzi ndi E-4 wa zaka 3 ku Army. Zimene zimasiyana ndi mabonasi olowera, omwe amakwera ndi kutsika malinga ndi ntchito imene ikusowa anthu nthawi imeneyo, komanso tindalama tapadera ngati ta okhala panyanja kapena ta ouluka. Ndiye wina akakuuzani kuti bwerani kuno kuli ndalama, mufunseni kuti akunena bonasi ya ntchito iti ndipo ailemba pati.

Khomo lolowera nalonso ndi limodzi. Umayenera kukhala nzika ya America kapena ukhale ndi green card kale, usilikali sutenga munthu kunja n'kumupezera mapepala ayi, ndipo ntchito zina zokhudza zinsinsi, monga za nyukiliya ndi ndege zambiri zankhondo, zimafuna nzika basi. Zaka zoyambira ndi 17 makolo atasainira kapena 18 pawekha, ndipo a Marines ndi amene amatseka khomo msanga, pa 28. Kenako pali mayeso olowera usilikali otchedwa ASVAB, ndipo apa ndi pomwe amakaniko aluso ambiri amapunthwa mosayembekezera. Malikisi oti ulowe kapena usalowe, omwe amawatcha AFQT, amachokera ku masamu ndi kuwerenga Chingerezi kokha, zigawo za magalimoto, zipangizo ndi kayendedwe ka makina zimabwera pambuyo posankha ntchito. Munthu utha kumasula giya bokosi maso ali chitsinzire koma masamu akakugwetsa sufika n'komwe poti uonetse lusolo. Werengani masamu, chonde. Ku MEPS, komwe amakupima thupi ndi kusainitsa kontirakiti, amayezanso ngati maso ako amasiyanitsa mitundu, ndipo amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira ntchito zambiri za ndege ndi za magetsi zimamutsekekera pompo, poti mawaya ndi magetsi ochenjeza amayendera mitundu. Komanso dziwiranitu kuti kontirakiti yoyamba iliyonse ukaiphatikiza ndi ya zaka 8, ukasaina zaka 4 zovala yunifomu tsiku ndi tsiku, 4 zotsalazo dzina lako limakhalabe pa mndandanda wa anthu oti atha kuitanidwanso zinthu zikavuta.

Tiyambe ndi Army poti kwa munthu wa magalimoto ndi dizilo ndi kumene kuli malo ambiri. Ntchito iliyonse kumeneko ili ndi nambala yake, amati MOS, ndipo ya makaniko wa magalimoto a matayala ndi 91B. Ukamaliza masabata 10 a maphunziro oyamba a usilikali umapita ku sukulu ya ntchitoyo ku Fort Lee ku Virginia, malo aja anawasintha dzina kukhala Fort Gregg-Adams mu 2023 kenako n'kubwezanso la Fort Lee mu 2025, ndiye mukamawerenga pa intaneti musasokonezeke, ndi malo amodzi. Zomwe 91B amagwira ndi ma Humvee, ma JLTV omwe akulowa m'malo mwake, malole a FMTV ndi zimalole zikuluzikulu za HEMTT zija za matayala 8. Chimene chimandisangalatsa ine apa ndi choti ukatsegula boneti ya malole amenewa umapeza mayina odziwika kale, injini za Caterpillar, magiya bokosi a Allison, zinthu zomwezomwezo zomwe zili m'malole onyamula katundu, m'mabasi ndi m'makina a pa konsitirakishoni, ndiye luso lake limasamuka mosavuta ukadzatuluka.

Koma moyo wake muudziwe bwinobwino. Makaniko wa Army ndi msilikali kaye. Kuli mdima wadzuka kothamanga, tsiku lina uli kowombera mfuti, lina uli pa ulonda, lina mwatuluka kutchire masabata awiri kapena atatu ndipo lole ikafera m'matope usiku ndi iwe ukagona pansi pake ndi katochi kofiira kukamwa. Ndipo ku galaja, komwe iwo amati motor pool, nthawi yambiri imathera pa mapepala ndi kudikira ma sipeya. Dalaivala amayendera galimoto yake ndi buku, walemba zolakwika pa fomu, iwe watsimikiza, waitanitsa chitsulo, kenako kudikira, galimoto ili chiimire ndi chizindikiro choti isayende, abwana akufunsa m'mawa uliwonse kuti idzuka liti. Chinanso chomwe amakaniko enieni chimawawawa ndi choti pa mlingo wa gulu lomwe uli, ntchito yambiri ndi yochotsa chowonongeka n'kuikapo china. Injini yafa, mumaizula yonse n'kuika ina, yakufayo imapita kwina komwe anthu ena, nthawi zambiri anthu wamba olembedwa ntchito ndi boma, amakaimasula mpaka ku ma pisitoni. Ngati maloto anu ndi kumanga injini kuchokera pa buloko, zimenezi zikukhumudwitsani pang'ono.

Army ili ndi manambala ena oti musawadumphe. 91L ndi wokonza makina omangira misewu, 91D ndi wa majenereta, 91C ndi wa zoziziritsa ndi zotenthetsa, ndipo atatu amenewa kunja amapeza ntchito mosavutikira. Pali 91A wa akasinja a Abrams ndi 91M wa magalimoto ankhondo a Bradley, ntchito zonyaditsa zedi, Abrams imayendera injini ya tebaini ya mahatchi 1,500 yotchedwa AGT1500, yomwe imazulidwa pamodzi ndi giya bokosi yake ngati phukusi limodzi, koma dzifunseni kuti kunja kuno ndi kampani iti ili ndi kasinja pa yadi. Luso la ma hayidiroliki, magetsi ndi kufufuza vuto umatuluka nalo ndithu, kungoti umavutika kulimasulira kwa bwana wa galaja yemwe akungofuna kudziwa ngati unagwirapo injini ya Cummins.

Ndipo ambiri sadziwa kuti Army ili ndi mahelikopita ochuluka kwambiri. 15T amakonza Black Hawk, 15U ndi wa Chinook ija ya mapiko awiri akuluakulu pamwamba, 15R ndi wa Apache, ndipo sukulu yawo ili ku Fort Eustis, ku Virginia komweko. Wa Black Hawk kapena Chinook akachita bwino atha kukhala crew chief, woyang'anira helikopitayo wouluka nayo, kutanthauza kuti helikopita yomwe wamanga mabawuti ake m'mawa ndi yomweyo wakwera masana.

Tsopano Air Force. Anthu amaitamanda chifukwa cha malo ogona abwinoko ndi moyo wosavutitsa kwambiri, ndipo pa zambiri sakunama, koma amene amanena zimenezi nthawi zambiri sanagwirepo ntchito pa bwalo la ndege. Maphunziro oyamba ndi masabata 7 ndi theka ku Lackland ku San Antonio, kenako amakaniko ambiri a ndege amapita ku Sheppard, ku Texas komweko. Ukafika pa bwalo lenileni ndege ndi imene imakulamula. Ikuyenera kunyamuka 6 koloko m'mawa, ndiye kuti wina wagona nayo usiku wonse, kaya kukutentha konkire mpaka nsapato kumata kaya kukuzizira zala kukanika kugwira nati, mashifiti a maola 12 ndi chinthu chozolowereka ntchito ikachuluka.

Ndikufuna muone kachinthu kamodzi pafupi, chifukwa ndi kamene kamasiyanitsa makaniko wa ndege ndi wina aliyense. Bokosi la zipangizo la pa bwalo la ndege mkati mwake muli siponji yodulidwa ndendende mawonekedwe a chipangizo chilichonse, sipanala ili ndi bedi lake, pulayazi ili ndi lake, kasoketi kakang'ono kali ndi kabowo kake, ndipo chilichonse chili ndi nambala yozokota. Umasainira bokosilo polandira, umaliwerenga usanayambe ntchito, umaliwerenganso ukamaliza. Nde tayerekezani nthawi ili 3 koloko usiku, mwamaliza kusintha pampu, mikono yathodwa, mukutsegula dirowa yomaliza kuti muwerenge muzipita, ndipo kabowo kamodzi kali pululu. Kasoketi kamodzi. Palibe amene akupita kunyumba. Ndege imene munagwirayo sinyamuka, mapanelo omwe mwangotseka kumene mukutsegulanso limodzilimodzi, anthu akukwawa ndi matochi, magalasi ndi maginito, mpaka kapezeke kapena akuluakulu atsimikize kuti mu ndegemo mulibe. Chifukwa kachitsulo kameneko kakalowa mu injini ya jeti kapena kakakakamira pa ndodo zowongolera, munthu afa. Ndi chifukwa chomwechonso anthu amayenda mondondozana pa bwalo maso ali pansi kutola timiyala ndi tiwaya. Nati iliyonse yofunika imamangidwa ndi torque wrench pa mlingo womwe buku lanena, ina imamangidwanso ndi kawaya kopota kuti isamasuke ndi kunjenjemera, ndipo pamapeto umasaina dzina lako pa fomu ya ndegeyo. Buku limakhala chitsegulire pambali pako olo ntchitoyo waigwirapo ka 200. Amene anazolowera zoti ndimanga ndi dzanja ndimve kuti yakwana, kuno amavutika miyezi yoyamba, koma akazolowera amakhala makaniko wa mtundu wina ndithu.

Vuto la Air Force ndi kugawa ntchito tizidutswatizidutswa. Pali wa injini basi, wa ma hayidiroliki basi, wa magetsi, wa malata a ndege, wa matanki a mafuta, ndiye pali crew chief amene amayang'anira ndege yonse, kuiyendera, kuithira zofunika, kuilandira ndi kuinyamutsa, n'kumaitana akatswiri enawo pakafunika. Umakhala katswiri wozama pa kagawo kako koma utha kutha zaka 4 osakhudzako mbali zina za ndege, ndipo zimenezi zimadzakupeza pa nkhani ya layisensi yomwe ndifotokoze kutsogoloku. Ndege zakenso ndi zosiyana kutalitali, wina ali pa F-35 yomwe theka la ntchito ndi laputopu, wina ali pa B-52 yomwe yomaliza inatuluka m'fakitale mu 1962 ndipo mpaka pano ikuuluka. Kwa amene akuganiza zodzagwira ku makampani a ndege zonyamula anthu, ndege zikuluzikulu monga C-17 kapena KC-135 ndi zomwe zimafanana kwambiri ndi zomwe adzazipeze kunjako.

Ntchito ziwiri za Air Force zomwe sizitchuka koma ine ndimazipatsa ulemu ndi 2A6X2, wokonza makina othandizira ndege pansi monga majenereta a dizilo, zoziziritsa ndi mapampu a hayidiroliki, ndi 2T3X1, makaniko wa magalimoto a pa bwalo. Awa amagwira makina ofanana kwambiri ndi a anthu wamba. Space Force, yomwe inakhazikitsidwa mu 2019, musataye nayo nthawi, ntchito zake ndi za masetilaiti, makompyuta ndi ukazitape, sipanala kulibe.

Navy ndi dziko lina. Maphunziro oyamba ali ku Great Lakes ku Illinois, ndipo ntchito amazitcha ndi zilembo. EN ndi wa injini za dizilo, GSM ndi wa matebaini, MM ndi wa mapampu, mavavu, nthunzi, makina opanga madzi akumwa ndi zina zotero, MR ndi wosula zitsulo pa makina, AD ndi wa injini za ndege, AM ndi wa thupi la ndege ndi ma hayidiroliki, ndipo a ndegewa amaphunzira ku Pensacola ku Florida. Chimene sitima imakuphunzitsa chomwe kwina sungachipeze ndi ichi, pakati pa nyanja palibe koitanitsa thandizo la msangamsanga. Pampu yafa, sipeya mulibe, doko lili kutali masiku angapo, ndiye mumaimasula, mumapeza chavuta, pena wosula zitsulo uja amakupangirani kachitsulo katsopano pompo. Amakaniko a pa sitima amatuluka ndi mutu woganiza chifukwa cha zimenezi.

Mtengo wake ndi wowawa koma. Chipinda cha injini chili pansi penipeni pa sitima, kotentha, kwaphokoso, kopanda zenera, ndipo kuwonjezera pa ntchito ya tsiku umakhalanso ndi ulonda woyang'anira mageji ndi kulemba manambala ola lililonse, usana kapena usiku. A injini ndi amene amayamba kukwera sitima isananyamuke ndipo ndi amene amatsika pomaliza ikafika. Ulendo umodzi umatha miyezi 6 kapena kupitirira, bedi lako ndi kashelefu kosanjikizana ndi anzako awiri. Ngati muli ndi banja laling'ono, kambiranani nkhani imeneyi mofatsa musanasaine, osati mutasaina kale.

Koma taonani zomwe umatuluka nazo. Sitima zankhondo za mtundu wa Arleigh Burke zimayendera matebaini 4 a LM2500 a kampani ya General Electric, ndipo injini yomweyo imagwiranso ntchito m'malo opangira magetsi ndi m'makampani a mafuta ndi gasi, ndiye GSM wabwino sasowa kolowera. Kwa amene masamu ndi sayansi zimamuyendera pali za nyukiliya, komwe makaniko amaphunzira kupitirira chaka, mbali yaikulu ku Goose Creek pafupi ndi Charleston ku South Carolina, kontirakiti yake ndi ya zaka 6, sukulu yake ndi yowawa moti ena amagwa panjira, koma omaliza amafunidwa kwambiri kunja. Ndipo ngati mukufuna Navy koma mtima uli pa mabuludoza, magiredala ndi makireni, funsani za CM, makaniko wa ma Seabees, gulu la zomangamanga lomwe linayamba mu 1942. Awa nthawi yawo yambiri ali pamtunda, ku Port Hueneme ku California kapena ku Gulfport ku Mississippi, ndi kumaiko komwe atumidwa kukamanga. Malo ake ndi ochepa, pamafunika kudekha.

Za Marines ndinena mwachidule koma mosabisa. Kulowa Marines chifukwa chongofuna umakaniko ndi kulakwitsa. Ulowe chifukwa ukufuna kukhala Marine, umakanikowo ubwere pamwamba. Maphunziro awo oyamba ndi masabata 13 ku Parris Island kapena ku San Diego, otalika kuposa ena onse, ndipo ukamaliza, olo ukhale wa sipanala, umapitanso kukaphunzira kumenya nkhondo ya pansi masabata angapo usanaone sukulu ya ntchito yako, poti kwa iwo Marine aliyense ndi wa mfuti kaye. Makaniko wa magalimoto ndi 3521, amaphunzira ku Camp Johnson ku North Carolina, a ndege ambiri amayambira ku Pensacola limodzi ndi a Navy, n'kumadzagwira ma MV-22 Osprey, ma CH-53 kapena F-35B ija yotera choimirira. Ndi amakaniko olimba ndipo amanyadira kugwira ntchito ndi zochepa, koma anthu ambiri amene amadandaula kumeneko ndi omwe analowa akuganiza kuti akupita ku sukulu ya zaumisiri.

Coast Guard ndi imene anthu amaiwala, pamene kwa makaniko wokonda kugwira chilichonse mwina ndi yomwe ingamukwane kuposa zonse. Ndi nthambi yaing'ono, kuyambira 2003 ili pansi pa unduna wa Homeland Security, ntchito yake yatsiku ndi tsiku ndi kupulumutsa anthu panyanja, kugwira ozembetsa katundu ndi kuyang'anira madoko. Maphunziro oyamba ndi masabata 8 ku Cape May ku New Jersey. Chifukwa anthu ndi ochepa, sagawa ntchito tizidutswa ngati Air Force. Makaniko wawo wotchedwa MK, yemwe amaphunzira ku Yorktown ku Virginia, amagwira injini za dizilo, injini za maboti zapanja zija, ma hayidiroliki, magetsi, mafiriji, zonse, ndipo pa siteshoni yaing'ono boti likamatuluka usiku kukasaka anthu omira iye ali momwemo ngati injiniya wa botilo. Wa ndege, AMT, amaphunzira ku Elizabeth City ku North Carolina, ndipo kumeneko okonza ndi omwenso amauluka, yemwe wakonza helikopita ndi amene amagwira makina otsitsira ndi kukwezera chingwe chopulumutsira munthu m'madzi. Chovuta chake ndi kudikira. Ambiri amayamba opanda ntchito yodziwika, kupenta, kukolopa, kuthandiza apa ndi apo, dzina lili pa mzere wa sukulu, ndipo mzere wa za ndege umatha kutalika zedi.

Apa ndafika pa chimene ndimafuna kwambiri kuti mumve, kusiyana kwa kalembedwe ka kontirakiti, chifukwa anthu ambiri amalirira pamenepa. Army imakulembera nambala ya ntchito yeniyeni, 91B kapena 15T, usanakwere basi. Navy nayo nthawi zambiri imalemba ntchito ndi sukulu yake, koma ilinso ndi njira yolowa opanda ntchito yodziwika n'kudzasankha uli kale pa sitima, ndipo makaniko amene akudziwa chomwe akufuna njira imeneyo aipewe. Air Force imakuuza kuti ulembe ntchito zingapo zomwe ungakonde n'kudikira kuti ipezeke iti, kapena ulowe ndi gawo lotseguka la zamakina, ndipo gawo limeneli ndi lotakata moti utha kupezeka ukukweza mabomba pa ndege pamene iwe umalota injini. Marines amakusainitsa gulu la ntchito, yeniyeniyo amasankha okha malinga ndi pomwe pakusowa munthu. Wolemba anthu usilikali ndi munthu ngati ife, ali ndi nambala yoti akwanitse, ndipo ambiri ndi oona mtima, koma mawu oti ukakafika udzasintha mosavuta alibe mphamvu ina iliyonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Nanga ukadzatuluka? Kwa wa ndege nkhani yonse ili pa layisensi ya FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, yotchedwa A&P, popanda imeneyo olo unagwira ndege zankhondo zaka 10 kampani ya ndege za anthu siingakulole kusainira ntchito pawekha. Lamulo limati ukhale ndi miyezi 18 ya ntchito yamanja pa thupi la ndege kapena pa injini kuti upeze mbali imodzi, kapena miyezi 30 pa zonse ziwiri kuti upeze zonse, kenako ulembe mayeso atatu, uyankhe mafunso a pakamwa, uonetsenso ndi manja. Nthawi ya usilikali imawerengedwa, koma FAA imayang'ana nambala ya ntchito yako, manambala ena amawerengedwa mbali zonse ziwiri, ena mbali imodzi yokha, ena sawerengedwa n'komwe. Mwaona tsopano chifukwa chomwe ndinadandaulira za tizidutswa tija? Wokonza helikopita yonse kapena crew chief amakhala pabwino kuposa amene anangokhala pa kagawo kamodzi. Funso limeneli lifunseni musanasankhe nambala, osati chaka chomaliza. Ndipo kuyambira tsiku loyamba sungani zolemba za ntchito iliyonse yomwe mwagwira, mtundu wa ndege, mtundu wa injini, ndi makalata a maphunziro, chifukwa kuwafunafuna mutatuluka kale ndi chintchito.

Kwa wa magalimoto ndi malole satifiketi yomwe magalaja amaidziwa ndi ya ASE, imafuna zaka 2 za ntchito ndi mayeso, ndipo nthambi zili ndi pulogalamu yotchedwa COOL yomwe imathandiza kulipira mayeso oterowo ukadali mu yunifomu. Chenjezo langa ndi loti Humvee singakuphunzitse galimoto ya masiku ano yodzaza masensa kapena yoyendera batire, ndiye amene akufuna kudzagwira magalimoto ang'onoang'ono adzafunika kuwonjezera sukulu, ndipo GI Bill, thandizo la boma kwa amene anatumikira usilikali, imalipira miyezi 36 ya maphunziro, kuphatikizapo sukulu za zaumisiri. Palinso SkillBridge, yomwe imalola msilikali kuthera mpaka masiku 180 omaliza akuphunzira ntchito ku kampani ya anthu wamba malipiro a usilikali akulandirabe, bola akuluakulu ake avomere. Ndipo amene sakufuna kusiya kwawo aganizireko National Guard kapena Reserve, sukulu yake ndi yomweyo, kenako umabwerera kwanu n'kumapita kumapeto a sabata kamodzi pamwezi ndi masabata awiri pachaka, ngakhale kutumizidwa kunkhondo kumakhalapobe.

Thupi nalo lisamaleni, izi ndikunena ndi mtima wonse. Kulira kwa m'makutu kosatha kuja ndi vuto lomwe asilikali opuma ku America amalandirira chipukuta misozi kuposa lina lililonse, ndipo amakaniko a pa bwalo la ndege ndi m'chipinda cha injini ali pakati penipeni pa phokosolo. Zotseka m'makutu muzivala olo anzanu aziseka, magolovesi pogwira mafuta a ndege ndi a hayidiroliki chimodzimodzi, msana ndi mawondo mukapweteka kalembetseni kuchipatala kuti zikhale m'mabuku.

Musanasaine yendani maofesi a nthambi zosachepera zitatu, ndipo pezani munthu amene akugwira kapena anagwirapo nambala yomwe mukuifunayo, osati wa nthambiyo chabe, mumufunse kuti sabata yathayi ndi maola angati omwe anagwiradi sipanala, ndi angati anathera pa kompyuta ndi pa ulonda. Tsiku la ku MEPS likafika mudzakhala mutatopa, mwadzuka usiku, akupimani paliponse, ndipo mlangizi adzakutembenuzirani sikirini n'kunena kuti ntchito yomwe mumafuna lero palibe koma pali iyi, munyamuka mwezi wamawa. Ndi zololedwa kunena kuti zikomo bwana, ndidikira. Mutha kubwerera kunyumba osasaina, n'kudzabweranso malo akatseguka. Ikapezeka, werengani pepalalo mzere ndi mzere, muone ndi maso anu nambala ya ntchito, zaka, ndi bonasi ngati munalonjezedwa, kenako mutenge cholembera.